Abwana akukana kuti muzikayamwitsa mwana ku nazale? Chitani izi

Achemwali, uthenga wanu ndauwerenga. Mwati mwana ali ndi miyezi itatu, mumamusiya ku nazale ku Area 18 inu n'kupita kuntchito ku City Centre, abwana akuti mukamatuluka kukayamwitsa azikudulani malipiro, ndiye kunazaleko mwapezanso kuti anamumwetsa phala osakufunsani. Zandikhudza kwambiri, khanda la miyezi itatu phala ayi ndithu.

Tiyambe ndi kuntchitoko poti uko lamulo silizungulira. Employment Act ya 2000, lamulo la zantchito la dziko lino, imakupatsani tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Mu 2021 lamuloli analikonzanso moti pano mayi woyamwitsa ali ndi ufulu wa mphindi 30 kawiri patsiku, mu nthawi ya ntchito, kuti ayamwitse, mpaka mwana atakwana miyezi 6. Si chifundo cha abwana chimenechi ayi, ndi ufulu wanu.

Koma tinene zoona, mphindi 30 kuti mudikire minibasi, mufike Area 18, mwana ayamwe mpaka akhute, mubwerere, sizingakwane. Ndiye lembani kalata kwa a HR, ofesi yoona za antchito kuntchito kwanuko, yopempha kuti nthawi ziwirizo aziphatikize likhale ola limodzi lolumikiza ndi lanchi. Osangolankhula pakamwa chonde, mawa adzati sitinamve. Kalatayo aidinde ndipo kope ina mutenge kunyumba. Akakana kapena akadula ndalama, pitani ku ofesi ya Labour ya boma la Lilongwe mutatenga kalatayo, mapepala a malipiro komanso buku la kusikelo la mwana. Iwo amaitana mbali zonse ziwiri, zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito. Atati akuchotsani ntchito, musakhale pansi, dandaulo mukapereke ku Labour miyezi itatu isanathe. Ndalama za loya zikavuta kuli a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Za kunazale ndi nkhani ya mgwirizano. Mumalipira, mwana ndi wanu, ndiye chimene chikulowa mkamwa mwake mumanena ndinu. Alembereni ahedi mwaulemu kuti mwanayu ndi wa bere lokhalokha mpaka miyezi 6 monga amanenera achipatala, osampatsa phala, madzi kapena mkaka wa m'chitini, ndipo asainire. Muwapemphenso kampando pakona poti muziyamwitsira mukabwera masana, sizifuna chipinda chapadera. Nthawi zambiri ma anti aja sachita dala, mwana akalira kwambiri amasowa chochita n'kuganiza kuti ndi njala, choncho asiyireni chomupatsa. M'mawa mudzikama mkaka m'kapu yoyera ya chivindikiro, mumatepo dzina la mwana ndi nthawi imene mwakama, auike mu firiji. Magetsi akathima auike pamalo pozizira ndipo mwana amwe maola 4 asanadutse. Muwaonetse nokha kamwetsedwe ka kakapu kakang'ono, pang'onopang'ono, mwana atamukhazika chotsamira pamkono.

Akadzabwereza zaphalazo mutawalembera, kadandauleni ku ofesi ya Social Welfare, ndi amene amayang'anira malo osamalira ana. Kalata ya kuntchito ija mukalemba munditumizire ndiione kaye musanapereke.