Wamkulu ndani pakati pa FAZ, COSAFA, CAF ndi FIFA?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa mpira anyamata a ku Chawama Loweruka lililonse. Funso lawo ndalifupikitsa motere: "Anyamata anga adandifunsa chifukwa chake Patson Daka sitimuona ku chikho cha COSAFA, koma ikafika AFCON amabwera. Ndidawayankha kuti zili ngati ufumu wakwathu: FAZ ndi nyakwawa, COSAFA ndi gulupu, CAF ndi mfumu yandodo, FIFA ndi Kalonga. Nditafika kunyumba ndidayamba kukayika. Ngati COSAFA ili pamwamba pa FAZ, bwanji ikulephera kuitanitsa osewera? Kodi bungweli lili ndi ntchito, kapena ndi podyera ndalama chabe?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cholemba, komanso chifukwa cha ntchito imene mukugwira ndi anawo. Mudachita bwino kukayika. Fanizo lanu likumveka, koma likupotoza chinthu chimodzi chachikulu. Kumudzi nkhani ya nyakwawa imafika kwa Kalonga podzera mwa mafumu apakati. Ku mpira sizili choncho. FAZ, bungwe loyendetsa mpira kuno ku Zambia, ndi membala mwachindunji wa FIFA, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse lapansi, ndipo yakhala choncho kuyambira 1964. Pa msonkhano waukulu wa FIFA, pomwe pamakhala mabungwe 211, nthumwi yochokera ku Football House, likulu la FAZ kuno ku Lusaka, imaponya voti imodzi, yolemera chimodzimodzi ndi ya Brazil kapena ya Germany. CAF, bungwe la mpira la Africa yonse, siponya voti pamenepo, COSAFA, bungwe la maiko a kummwera kwa Africa, nayonso ayi. FAZ yomweyo ndi membalanso wa CAF payokha, ndi membalanso wa COSAFA payokha. Mabungwe atatuwa adapangidwa ndi mabungwe a m'maiko, ndipo atsogoleri ake amasankhidwa ndi mabungwe omwewo.

FIFA idayamba mu 1904 ku Paris, ndipo likulu lake lili ku Zurich. Imavomereza mabungwe asanu ndi limodzi a zigawo zikuluzikulu za dziko lapansi: CONMEBOL ku South America, yomwe ndi yakale kuposa onse chifukwa idayamba mu 1916, UEFA ku Ulaya, AFC ku Asia, CONCACAF kumpoto ndi pakati pa America kuphatikizapo zilumba za Caribbean, OFC ku Oceania, ndi CAF yathu. Malire ake satsata mapu nthawi zonse. Australia idachoka ku OFC n'kulowa AFC mu 2006, Israel imasewera ku UEFA, pomwe Guyana ndi Suriname, ngakhale zili ku South America, zili mu CONCACAF. Ndipo anyamata anu akadzakufunsani za malamulo a m'bwalo, monga ofusayidi ndi kugwira mpira ndi manja, muwauze kuti amenewo amasinthidwa ndi bungwe lina, la IFAB. Mmenemo FIFA ili ndi mavoti 4, ndipo England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi voti imodzi aliyense. Kuti lamulo lisinthe pamafunika mavoti 6 mwa 8.

Tsopano za Daka. Wosewera amalipidwa ndi kalabu yake, ndipo kalabu singamutulutse mwachisawawa. Chimene chimaikakamiza ndi lamulo la FIFA, lomwe limati pa masiku amene adaikidwa pa kalendala ya masewero a maiko, kalabu iyenera kumasula wosewera amene dziko lake lamuitana. AFCON, chikho cha maiko a mu Africa, ndi masewero odzigulira malo ku World Cup zili pa kalendalayo. Chikho cha COSAFA nthawi zambiri chimagwa kunja kwa masiku amenewo, cha mu Juni kapena Julaye, pamene osewera a ku Ulaya akupuma kapena akukonzekera ligi yatsopano. Kalabu ikakana, palibe mlandu. N'chifukwa chake Chipolopolo ya ku COSAFA imadzaza ndi anyamata a m'ligi yathu yomwe ino, a ku Green Buffaloes, Red Arrows, Power Dynamos, ZESCO United ndi ena otero. Ine sindiona vuto pamenepa. Wosewera wa kuno kwathu apeza kuti mpata wovala jezi ya dziko ngati malo onse atengedwa ndi akunja? Zambia idatenga chikhochi mu 1997, chaka chimene chidayamba, n'kuchitenganso mu 1998, 2006, 2013, 2019, 2022 ndi 2023.

CAF ndi nkhani ina, ndipo mphamvu zake timazimva tonse. Idakhazikitsidwa mu 1957 ku Khartoum ndi maiko anayi: Egypt, Sudan, Ethiopia ndi South Africa. South Africa idachotsedwa pa mpikisano woyamba womwewo chifukwa idakana kutumiza timu yosakaniza akuda ndi azungu, ndipo idadzabwerera ku mpira wa maiko mu 1992. Lero CAF ili ndi mamembala 54 ndipo likulu lake lili ku Egypt. Ndiyo imayendetsa AFCON, Champions League ndi Confederation Cup, ndiyo imasankha oyimbira masewero amenewa, ndiyonso imayendera mabwalo. Akuluakulu ake akaona kuti udzu, magetsi, mipando kapena zipinda zovalira sizikukwanira, bwalolo amalitseka. Abale athu a ku Malawi adazilawa mu 2021, pamene Flames idakasewera masewero ake apakhomo odzigulira malo ku World Cup ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Zimbabwe nayo mu 2023 idakalandirira alendo ake ku Rwanda. Zimapweteka kumva kuti timu ili pakhomo koma ochemerera ake akuonera pa kanema. Komabe wolakwa si woyendera bwalo, koma amene adalisiya kuti liwonongeke.

Ntchito ya CAF imene ine ndimaiona yaikulu koposa ndi yomenyera malo a Africa ku World Cup. Pa mpikisano wa 1966, FIFA idapereka malo amodzi okha oti Africa, Asia ndi Oceania alimbirane. Maiko a mu Africa adakana onse pamodzi, n'kunyanyala masewero odzigulira malo. FIFA idagonja, ndipo mu 1970 Africa idapatsidwa malo akeake, omwe idatenga Morocco. Kuchokera pamenepo malowo adakwera pang'onopang'ono mpaka kufika 5, ndipo pa mpikisano wa 2026 wa matimu 48, Africa idapatsidwa malo 9 otsimikizika ndi mwayi wa timu ina kudzera m'masewero apadera. Dziko limodzi palokha silikadatha kuikakamiza FIFA chonchi.

Nanga COSAFA? CAF idagawa Africa m'zigawo zisanu ndi chimodzi: UNAF kumpoto, WAFU A ndi WAFU B kumadzulo, UNIFFAC pakati, CECAFA kum'mawa, ndi COSAFA kuno kummwera. Yathuyi ili ndi maiko 14, kuyambira Angola mpaka zilumba za Madagascar, Mauritius, Comoros ndi Seychelles. Achikulire amakumbukira kuti kale ife ndi Malawi tinkasewera chikho cha CECAFA, chomwe Malawi idatenga mu 1978, 1979 ndi 1988, ife mu 1984 ndi 1991. N'zoona kuti COSAFA singaimitse FAZ kusewera mpira wa maiko, singasinthe kalendala, ndipo singalamule kalabu ya ku England. Koma kunena kuti ilibe ntchito n'kulakwitsa, ndipo umboni wake uli m'sabata imodzi ya mwezi wa Malichi 2017.

Pa 12 Malichi chaka chimenecho, National Heroes Stadium idadzaza. Amene tidalipo tikukumbukira momwe msewu wa Great North udathinira, maminibasi akukoka mbendera m'mawindo, ana ogulitsa mavuvuzela akuthamanga pakati pa magalimoto, ndi phokoso lija pamene Daka ndi Edward Chilufya adamwetsa zigoli ziwiri zimene zidagwetsa Senegal. Zambia idatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20. Anyamata omwewo, kuphatikizapo Enock Mwepu ndi Fashion Sakala, anali atangotenga chikho cha COSAFA cha msinkhu wawo ku South Africa mu Disembala 2016. Kumeneko n'komwe adazolowerana. Atachoka pa Heroes adapita ku World Cup ya FIFA ya achinyamata ku South Korea, komwe adafika mu ndime ya matimu asanu ndi atatu asanatulutsidwe ndi Italy. Daka amene anyamata anu akumufunsayo adadutsa pa COSAFA pomwepo.

Patangopita masiku anayi, pa 16 Malichi ku Addis Ababa, kudachitika chisankho cha mtsogoleri wa CAF. Issa Hayatou wa ku Cameroon anali pampando kuyambira 1988, ndipo ambiri ankati palibe angamusunthe. COSAFA idagwirizana poyera kuti ithandiza Ahmad Ahmad wa ku Madagascar, ndipo iye adapambana ndi mavoti 34 kwa 20. Mavoti 14 mwa 54 akayendera limodzi, aliyense wofuna mpando amayamba wabwera kudzakugwadirani. Sindikunena kuti zonse zidayenda bwino pambuyo pake. Mu 2020 FIFA idaletsa Ahmad kuchita za mpira kwa zaka zisanu pa milandu yokhudza ndalama ndi udindo, ndipo khoti la zamasewero la CAS ku Lausanne lidachepetsa chilangocho kufika zaka ziwiri. Amene adalowa m'malo mwake mu 2021, Patrice Motsepe, ndi wa chigawo chathu chomwechi.

Za ndalama mudafunsa bwino, ndipo musasiye kufunsa. Pa ndondomeko yake ya chitukuko yotchedwa Forward, FIFA idalonjeza bungwe la dziko lililonse ndalama zofika madola 8 miliyoni pa zaka za 2023 mpaka 2026, ndipo CAF ndi mabungwe a zigawo amalandiranso gawo lawo. Mphunzitsi amene akuimika miyala ngati magolo pa bwalo la fumbi ku Chawama ali ndi ufulu wofuna kudziwa kuti ndalamazo zagula chiyani. Koma njira yofunsira ndi ya mkati mwa FAZ, kudzera m'makalabu ndi makomiti a m'zigawo amene amavota pa msonkhano wake. Boma likalowerera mwamphamvu, FIFA imatseka chitseko. Zimbabwe idaimitsidwa mu Febuluwale 2022 bungwe la boma loona zamasewero litachotsa atsogoleri a ZIFA, bungwe la mpira la dzikolo, ndipo chiletsocho chidatha mu Julaye 2023, timu yawo ya Warriors itaphonya kale masewero odzigulira malo ku AFCON. Lamuloli limateteza mpira kwa andale, ndipo ndimaligwirizana nalo, ngakhale limandiwawa ndikaona kuti olangidwa enieni amakhala osewera amene sadalakwe kanthu.

Kwa atsikana ndi ana, COSAFA ndiye khomo lenileni. Mpikisano wa CAF wa makalabu a amayi udayamba mu 2021, ndipo malo ake amalimbiranidwa m'zigawo. Umu ndi momwe Green Buffaloes ya amayi idafikira kumeneko mu 2022, itagonjetsa Mamelodi Sundowns pa mapenate. Chaka chomwecho Copper Queens, timu yathu ya dziko ya amayi, idakhala yachitatu mu Africa, n'kutenga chikho cha COSAFA, ndipo mu 2023 idakasewera World Cup. AFCON ya osapitirira zaka 17 ndi ya osapitirira zaka 20 nazonso masiku ano malo ake amapezeka kudzera m'mipikisano ya zigawo.

Choncho mnyamata wanu wa zaka 14 akadzasankhidwa, mpikisano wake woyamba wa dziko udzakhala wa COSAFA, ndipo kumeneko amayeza msinkhu pojambula fupa la pamkono ndi makina a MRI. Mu 2020 matimu a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe adachotsedwa pa mpikisano wa COSAFA wa osapitirira zaka 17 chifukwa cha kuyeza kumeneku. Yambani lero kukambirana ndi makolo kuti zikalata za kubadwa za mwana aliyense zikhalepo ndipo zinene zoona, komanso onetsetsani kuti timu yanu yalembetsedwa ku FAZ ya chigawo cha Lusaka, kuti oyang'ana luso akamazungulira adziwe kuti muliko.