Poyambira pa maopaleshoni okonza ziwalo zowonongeka

Adokotala, mwafunsa kuti muyambire pati ngati mukufuna kuphunzira maopaleshoni okonza ziwalo zowonongeka. Ine ndikuti yambirani pa mabala a moto, pakuti kuno ku Chipata, m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, ana amagwera pa mbaula kapena kukhuthukiridwa phala lotentha. Phunzirani kusenda kachikopa kopyapyala pantchafu n'kukamata pabala lotsukidwa bwino. Kakagwira, pakatha masiku asanu mudzakaona kakufiirira, koma pabala la mafinya kamangovunda. Chipsera chikakoka chigongono, njira ya Z-plasty (kucheka khungu ngati chilembo cha Z n'kulisokanso) imachitalikitsa, ngakhale kuti popanda chomangira mkono ndi mafizo chimakokanso. Maphunziro a ukatswiri alipo kudzera ku COSECSA, koleji ya madokotala a maopaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, yomwe likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, komabe manja anu ayambe azolowera kusoka.