Akudwaladi, sakunamizira

Bambo wina wa ku Luwinga wanditumizira imelo. Akuti dokotala akuganiza kuti akazi awo ali ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, koma apongozi akuti ndi ulesi chabe, poti dzulo anali bwinobwino. Atani?

Bambo, mwandikhudza pachilonda, chifukwa mawu oti ulesiwo ndinkawanena ndine kwa achemwali anga. Mwendo unkachita dzanzi masabata awiri, kenako n'kusiya. Diso lakumanzere linkaona mwachimbuuzi, n'kuyeranso lokha. Ine ndinkati akuthawa kutunga madzi. Mpaka m'mawa wina kwathu ku Chibavi ndinawapeza akulimbana ndi batani la bulauzi, zala zikungoterereka, misozi ili chuchuchu, osatulutsa mawu. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Matendawa ndi otero, amabwera n'kupita. Chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga chikuta cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, chotchedwa myelin, ngati khoswe watafuna pulasitiki ya waya wa magetsi. Lero babu yayaka, mawa yathima. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anawafotokoza mu 1868, ndipo mu 2020 anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse anali nawo, ambiri mwa iwo amayi. Kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 20 ndi 40. Sapatsirana, komanso si ufiti. Wolandira mbuzi kuti "awachotse" ndi mbava, ndanena ndanenadi.

Kutentha nakonso! Tinapita ndi achemwali ku Nkhata Bay kuti akapitidweko mphepo kunyanja, tinabwerako akukoka mwendo. Atagona masiku awiri kozizira kwathu kuno, mwendo unadzuka. Amalume anati ndi mizimu ya m'madzi, chonsecho kutentha kumangokulitsa zizindikiro kwa kanthawi. Amalumewo mpaka lero sanagonje.

Tsono mutani?

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma alipo ochepetsa ukali wake akabuka, ndipo fizo, masewero olimbitsa ziwalo a kuchipatala, imathandiza. Funsani ku Mzuzu Central za kujambulidwa pa MRI, makina oonera mkati mwa ubongo ndi msana; achemwali anakajambulidwa ku Queens, ku Blantyre. Ayezetsenso HIV, TB ya msana ndi likodzo, poti nazonso zimafoola miyendo. Gulani kope muzilembamo tsiku limene dzanzi layamba ndi limene lasiya. Madzi osamba akhale ofunda chabe. Ndipo ulendo wotsatira wa kwa dokotala, apongoziwo muwatenge, akadzimvere okha.