Tsitsi likundithera pamphumi, koma akuti ndi tsitsi chabe

Azakhali, ndine mayi wa zaka 34, wa ana awiri. Kwa zaka zitatu tsopano tsitsi likundithera m'mbali mwa mphumi ndi pamwamba pa makutu. Ndakhala ndikulukitsa meshi kuyambira ndili mtsikana, nthawi zambiri nditayamba ndapaka mankhwala owongola. Pano ndimamata wigi ndi guluu, ndipo ngakhale amuna anga sandiona ndilibe duku. Kuchipatala anangondiyang'ana chapatali n'kunena kuti ndi tsitsi chabe, limera lokha. Kodi limeradi?

Mayi wamanyazi

Mwanangu, mawu amene munauzidwawo andipweteka. Munthu amene wafika pogona ndi duku m'nyumba mwake momwe sanabwere ndi nkhani yachabe. Ine tsitsi linandithothoka nditabereka mwana wachiwiri, ndipo ndimakumbukira mmene ndinkabisira chipeso kuti ana asaone zimene zatsalirapo. Langalo linabwerera chaka chisanathe, chifukwa kuthothoka kobwera miyezi iwiri kapena inayi mayi atachira kumasiya kokha. Mwina amene munamupezayo ankaganiza zimenezo. Koma zanu zikumveka zina.

Tsitsi likamatha pamphumi ndi pamwamba pa makutu, kawirikawiri chimakhala chikoka. Madokotala a khungu amati traction alopecia. Tsitsi lililonse lili ndi kamuzu kake pansi pa khungu, ndipo kamuzuko kakamakokedwa mwezi ndi mwezi kamatupa n'kufooka. Poyamba kamatha kuchira. Kukokako kukapitirira zaka, pamalopo pamachita chipsera, khungu limasalala n'kumanyezimira, ndipo pachipsera sipameranso kanthu. N'chifukwa chake sindikufuna mudikire. Pa kafukufuku amene Dr Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anachita ku Cape Town, wofalitsidwa mu 2007, pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vutoli. Ndipo limakula kwambiri munthu akalukitsa zolemera pa tsitsi lopakidwa kale mankhwala owongola, monga mwafotokozeramu.

Tengani galasi masana, muyang'ane bwino. Ngati pamalo pothothokapo pakuoneka timabowo ndi titsitsi tofewa, mizu ikadalipo.

Choyamba ndi kuupumitsa mutu. Masulani meshiyo, siyani guluu, ndipo mankhwala owongola aimeni kaye. Wigi sindikuletsani, ndikudziwa kuti muyenera kutuluka m'nyumba muli ndi mtima m'malo. Koma ikhale yongovala, yosathina, yopanda timano tokola pamphumi, ndipo usiku muzivula. Tsiku limene mudzabwerere ku saluni, kumbukirani ichi: kuluka kukamawawa, kukakutulutsani tiziphuphu, kapena mukalephera kugona usiku woyamba, ndiye kuti athinitsa. Auzeni amasule pomwepo. Tinakula tikumva kuti kukongola n'kupirira, ndipo ambiri tinamwapo mankhwala a mutu titachoka kolukitsa. Ululu umenewo ndi mizu ikulira.

Kenako bwererani kuchipatala, ndipo pemphani kuonana ndi wodziwa za khungu. Pitani opanda wigi, kapena mukaivule m'chipindamo, kuti akupendeni khungu la m'mutu ndi maso ndi manja. Muwauze kuti zinayamba liti, ngati mumamva kuyabwa kapena kutentha, mankhwala amene mukumwa, mmene mumasambira mwezi ndi mwezi, ndiponso ngati mayi anu kapena achemwali anu ali ndi vuto lomweli. Pemphani akuyezeni magazi, makamaka ayironi ndi chithokomiro, chifukwa ziwirizi zikasokonekera tsitsi limathothoka mwakachetechete. Ayang'anenso paliwombo. Pali matenda ena otchedwa CCCA amene amayambira pamenepo n'kumafalikira mozungulira, ndipo amagwira kwambiri akazi akuda. Mu 2019 ofufuza anapeza kuti ena mwa odwalawa ali ndi kusintha kwa jini yotchedwa PADI3, kutanthauza kuti zina n'zakumtundu, si kulakwa kwa mayiyo ayi.

Mankhwala alipo. Minoxidil wopaka amathandiza mizu imene ikadali ndi moyo, koma amafuna kupaka tsiku lililonse kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi musanaone kusintha, ndipo si wa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Pakakhala kutupa, dokotala angakupatseni mankhwala ochepetsa kutupako. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho wina akakulonjezani mafuta omeretsa m'masabata awiri, sungani ndalama zanu. Muzijambula mphumi yanu pafoni kamodzi pamwezi, pamalo amodzimodzi, chifukwa maso a tsiku ndi tsiku saona kusintha kwapang'ono.

Za amuna anu, ndikupemphani muwaonetse. Sankhani madzulo abata, muvule dukulo nokha, muwauze dzina la vutoli ndi zimene mukuchita. Ngati angathe, akuperekezeni tsiku la kuchipatala. Ndipo ngati muli ndi mwana wamkazi amene wayamba kulukitsa, muzikhala pambali pake, akati zikuwawa mumumvere.

Mundilemberenso pakatha miyezi itatu, mundiuze zimene magazi aonetsa.

Azakhali