Masipeya a njinga zamoto zakale amaodedwa ndi nambala

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambe kubweretsa masipeya a njinga zamoto zakale, monga Yamaha DT125, AG100 ndi Honda CG125 zoyambirira zija, komwe timawapeza, komanso ngati mabuku a makaniko ali ndi msika. Bizinesiyi ilipo ndipo imadyetsa, koma siyenda ngati ya masipeya a kabaza. Pa kabaza mumapikula matcheni 50 ndi mapulagi bokosi lonse mukudziwa kuti mwezi usanathe atha. Pa njinga yakale chilichonse chimagulidwira njinga imodzi yodziwika, ndipo mukalakwitsa, chitsulocho chidzakhala pa shelefu mpaka chichite dzimbiri, chifukwa mwina m'boma lonse mulibenso wina wochifuna.

Musanalandire ndalama ya munthu, akutumizireni zithunzi ziwiri pa WhatsApp: nambala ya felemu, yomwe imakhala pakhosi pamene pamazungulira chiwongolero, ndi nambala ya injini, yomwe nthawi zambiri imakhala pa buloko chakumanzere. Zonse ziwiri, osati imodzi. Zambiri mwa njingazi zinalowa kuno kudzera m'mapulojekiti a boma ndi mabungwe, zinkayendera alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, kenako zinagulitsidwa pa okushoni. Pofika lero zadutsa m'manja ambiri, ndipo si zachilendo kupeza felemu ya DT125 itanyamula injini ya DT175. Chaka cholembedwa mu blue book musachidalire kwambiri, kawirikawiri chimakhala chaka chomwe njingayo inalembetsedwa, osati chomwe inapangidwa. Mwini wake akangoti "ndi DT basi", oda imeneyo isayambe.

Mabuku alipo a mitundu itatu. Kabuku kobwera ndi njinga ikakhala yatsopano kalibe ntchito yambiri. Buku la makaniko, kaya la fakitale kaya la Haynes kapena Clymer, limanena miyeso ndi kamangidwe, mwachitsanzo mpata wa mavalavu a CG125 womwe ndi 0.08 mm injini itazizira. Koma buku lanu inu wamalonda ndi lachitatu, la zithunzi ndi manambala a masipeya. Pa webusaiti ya CMSNL ya ku Netherlands mungaone zithunzi zotere za njinga zambiri za ku Japan osalipira kanthu. Phunzirani kuwerenga manambalawo. A Honda amayamba ndi manambala 5 onena chinthucho, kenako 3 onena mtundu wa njinga yomwe chinapangidwira koyamba: 13101 ndi pisitoni ya saizi yoyamba, 13102 ndi yokulirapo ndi 0.25 mm, 13103 ndi ya 0.50, pomwe 13011 ndi maring'i. A Yamaha amatsogoza 3 za mtundu wa njinga, kenako 5 za chinthucho: 11631 ndi pisitoni ya saizi yoyamba, 11635 ya 0.25, 11636 ya 0.50. Mukapeza nambala yomweyo yathunthu m'buku la njinga ina, ndiye kuti chinthucho chimalowa konsekonse, ndipo apa ndi pamene pali phindu, chifukwa chomwe chasowa pa dzina lina mumachipeza chotchipa pa dzina linzake. Injini ya AG200 ndi ya banja limodzi ndi ya XT200 ndi TW200, zonse 67 mm kukula kwa silinda, ndiye masipeya ambiri a m'kati amagwirizana.

Msika wa mabukuwo paokha ndi wochepa. Amalemera, ndipo makaniko ambiri amakonda kufunsa mnzawo kusiyana ndi kugula. Amayenda bwino mukawaphatikiza pa oda yaikulu ya munthu amene akumanga njinga yonse. Onetsetsani zaka zolembedwa pachikuto, chifukwa CG125 inayamba mu 1975 ndipo yasintha kangapo. Dziwaninso kuti buku lolembedwera msika wa ku Britain likhoza kusiyana ndi njinga yobwera kuno pa mawaya ndi magetsi. Za AG100 ndi AG200 muzifufuza ku Australia ndi New Zealand, komwe zimagwira ntchito m'mafamu. Tsamba la mawaya likhale la mitundu. Lofotokopa lakuda ndi loyera silithandiza munthu amene akufuna kudziwa komwe waya wobiriwira akupita.

Pisitoni ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Silinda ya CG125 potuluka ku fakitale imakhala 56.5 mm, ya DT125 yozizira ndi mphepo 56 mm, ya DT175 66 mm, ya AG100 52 mm. Koma njinga ya zaka 30 kapena 40 mwina inabooledwapo kale kamodzi kapena kawiri. Makaniko atsegule injini, apukute pamutu pa pisitoni yakale, pamakhala padinda STD (saizi yoyamba), kapena 25, 50, 75 kapena 100 (kutanthauza yokulirapo ndi 0.25 mpaka 1.00 mm). Kenako silinda ipite kwa a makina aipime pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa imadyeka kwambiri kumtunda kumene maring'i amatembenukira. Iwo ndi amene anene saizi yotsatira yomwe ingachotse mikwingwirima yonse. Mukatero gulani pisitoni kaye, ndipo silinda ibooledwe pisitoniyo ili m'manja mwa wa makinayo. Kuboola kaye n'kumafuna pisitoni pambuyo pake kumabweretsa injini yogogoda, kapena yomanga ikangotentha. Pini muipimenso: za CG zilipo za 15 mm ndi za 13 mm, ndipo pa chithunzi sizisiyana. Silinda yomwe yafika kale pa 1.00 imafuna sleeve (paipi yachitsulo yolowetsa m'kati mwa silinda) yatsopano kapena silinda ina, musalonjeze pisitoni yopitirira apo musanaione ndi maso.

Zina musavutike kuwolotsa boda. Mabering'i a mawilo ali ndi manambala a dziko lonse, monga 6202, 6301 kapena 6302, ndipo m'mashopu a mabering'i ku Limbe ndi ku Lilongwe amapezeka. Masili wamba amagulidwa ndi miyeso itatu yolembedwa pa rabala pomwepo: m'kati, kunja ndi kunenepa. Tcheni cha 428, chomwe njinga zambiri za 125 zimagwiritsa ntchito, chili paliponse. Chofunika n'kuwerenga mano a masipuloketi onse awiri ndi kupima mabowo a mabawuti, ndipo tcheni ndi masipuloketi zisinthidwe limodzi, apo ayi chakale chimadya chatsopano.

Mwayi wa Honda ndi woti injini zambiri za ku China zomwe zili pa kabaza zinakopera CG125. Magasiketi, mapuleti a kilatchi, zingwe ndi ma pushrod nthawi zambiri zimalowa, ndipo za mtundu umenewu Kariakoo ku Dar es Salaam ndi kotchipa, mukatsika nazo kudzera ku Mbeya n'kulowera pa Songwe. Lusaka ndi Chipata nakonso zimapezeka, polowera pa Mchinji. Koma kulowa ndi kulimba n'zosiyana. Makabureta okopera amabwera ndi majeti (tizitsulo ta bowo lodutsa petulo) omwe nambala yake sigwirizana ndi kukula kwa bowo, ndiye ngati kabureta yoyambirira ya Keihin kapena Mikuni ilipo, ndi bwino kuitsuka n'kuigulira singano, gasiketi ndi majeti ake enieni. Majeti a Keihin ndi a Mikuni sasinthana ngakhale manambala atafanana. Mapulagi a NGK afeki ndi ochuluka. Gulani kwa wogulitsa wokhazikika, pa nambala yake: D8EA pa CG125, B8ES pa DT yozizira ndi mphepo, C7HSA pa tima Honda Cub.

Ku Johannesburg ndi kwa zinthu izi: mathanki, zivundikiro za m'mbali, ma speedometer, ekizozi, mahabu ndi magiya ochotsedwa pa njinga zophwasulidwa, komanso masipeya enieni a Yamaha ndi Honda kwa madila. Zambiri zimalengezedwa pa Facebook ndi Gumtree, koma osatumiza ndalama musanaone katundu, kapena asanamuone munthu wanu ali komweko. Thanki muiunike m'kati ndi tochi ndipo mugogode pansi pake, chifukwa madzi amadikha pamenepo ndipo imaboola kuchokera m'kati penti ikuwalabe kunja. Giya muone mano ang'onoang'ono a m'mbali omwe amakolana, akakhala obulungira ndiye kuti giya izidumpha. Kabureta yochokera pa njinga ya ku Johannesburg mwina inachunidwira malo okwera pafupifupi mamita 1,750. Ikatsikira ku Nsanje kapena ku Salima petulo amachepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo injini ya two-stroke, monga ya DT ndi AG100, siyichedwa kuboola pisitoni. Auzeni makaniko ayerekeze jeti ndi ya m'buku asanayende ulendo wautali.

Za rabala gulani zatsopano basi, ngakhale wina akuonetseni zenizeni zili m'pepala lake la 1985. Rabala amauma ali m'sitolo. Pa DT ndi AG100 masili a crankshaft ndi oyamba pa oda iliyonse: akauma amayamwa mpweya wabodza, injini imakwera yokha ili chiimire, kenako imamanga, ndipo mwini wake adzanena kuti pisitoni yanu inali yafeki. Mapaipi a pampu ya oyilo ya Autolube asinthidwenso, ndipo pampuyo ichotsedwe mpweya injini isanalizidwe. Matayala ali ndi manambala 4 omaliza pambuyo pa zilembo za DOT zodindidwa m'mbali mwake, awiri oyamba ndi sabata, enawo chaka. Lodinda manambala 3 okha linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, limenelo lisiyeni. Pa magetsi funsani ngati njinga ndi ya 6V kapena 12V, ndiponso ngati moto wa pa pulagi umachokera ku mapoyinti kapena ku kabokosi ka CDI. Mababu, koyilo, hutala ndi flasher za 6V kuno n'zosowa, n'zopepuka, ndipo n'zokhazo zomwe mungasunge pang'ono popanda oda. Pa mapoyinti, kondensa ibwere nawo limodzi.

Njinga za ku Britain ndi nkhani ina, makasitomala ake ndi owerengeka koma amalipira. BSA Bantam, yomwe inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, komanso Triumph ndi Norton za nthawi imeneyo, zili ndi mabawuti a miyeso ya mainchesi yotchedwa Whitworth, BSF ndi Cycle, ndipo sipanala ya mamilimita imangowononga mitu yake. Oda yoyamba ikhale ndi seti ya masipanala a Whitworth ndi mabawuti ake. Zambiri mwa izo waya wa positive ndi amene amapita ku felemu, ndiye makaniko wozolowera za ku Japan akalumikiza batire mwachizolowezi amawotcha rectifier, kachipangizo kothandiza kutchaja batire. Masipeya ake amachokera ku Britain, kwa ogulitsa monga Draganfly pa BSA ndi Hitchcocks pa Royal Enfield, ndipo komweko kulinso David Silver wa masipeya a Honda zakale. Royal Enfield Bullet 350 inayamba kumangidwa ku Madras, ku India, m'zaka za m'ma 1950, ndiye za ku India n'zambiri komanso zotchipa, kungoti si zonse zimalowa pa Bullet yopangidwa ku England. Tinthu tating'ono timabwera pa positi kapena ndi wachibale wobwera pa ndege. Zolemera, mtengo wotumizira umaposa wa katunduyo.

Tsopano pa boda. Basi yochokera ku Johannesburg imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete n'kudzalowera pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo msonkho mumalipira polowa m'Malawi. A MRA amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza mayendedwe, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Masipeya a njinga sali m'gulu limodzi la msonkho: m'buku la msonkho ambiri ali pa nambala 87.14, za m'kati mwa injini monga pisitoni pa 84.09, mapulagi pa 85.11, matayala pa 40.11, mabuku pa 49.01. Invoyisi izilemba chinthu chilichonse pachokha ndi mtengo wake. Ikangoti "spares", ofisala amaika mtengo womwe iye waona kuti ndi woyenera. Zogwirapo kale ntchito nazo zikhale ndi lisiti ya dzina ndi foni ya wogulitsa. Musayembekezere kuchotseredwa msonkho ndi satifiketi ya SADC kapena ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, chifukwa zimenezo ndi za katundu wopangidwa m'maiko athu ano, ndipo pisitoni ya ku Japan sisanduka ya ku South Africa chifukwa choti mwaigula ku Johannesburg. VAT ya 15% ya ku South Africa ingabwezedwe potuluka ngati muli ndi tax invoice yeniyeni, katundu wapitirira R250, ndipo mwamuonetsa asanalowe pansi pa basi. Ogulitsa pa Facebook sapereka invoyisi yotero. Felemu, injini yathunthu kapena njinga yonse zili ndi manambala, ndiye pamafunika mapepala a umwini ndi chilolezo cha apolisi cha SARPCCO. Popanda zimenezo katundu akhoza kugwidwa panjira, ndipo ngakhale atadutsa, ku Road Traffic sakalembetsedwa.

Mtengo muziutchula m'ndalama yomwe mukagulire, randi kapena mapaundi, ndipo kwacha iwerengedwe pa tsiku lomwe kasitomala akulipira. Amene anali ndi maoda a mtengo wa kwacha mu November 2023, pamene ndalama inagwetsedwa ndi 44%, anagulira makasitomala katundu ndi mpamba wawo. Dipoziti ikwanire mtengo wonse wogulira chinthucho, phindu lanu ndi limene lingadikire. Mndandanda wa oda ukhale ndi manambala a masipeya, ndipo kasitomala auvomereze pa meseji, kuti mlandu wa saizi ukadzabuka pakhale poyambira.

Polongedza, magasiketi aikeni pakati pa makatoni awiri olimba, maring'i asachoke m'bokosi lawo chifukwa amathyoka msanga, ndipo zitsulo zopanda penti zipakidwe oyilo n'kukulungidwa m'pulasitiki. Thanki yakale itsukidwe, iume, chivundikiro chikhale chotsegula masiku angapo, chifukwa ikamanunkha petulo a basi akhoza kuikana. Batire ibwere youma, asidi mukathire kuno.