Amayi, Mutombo anakwera ndege ndi makope, osati ndi mpira

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mnyamata wanu wa zaka 16, wa kalasi 10 ku Ulongwe kuno, watalika mpaka akumawerama polowa pakhomo, ndipo tsopano akuti sukulu ikumuchedwetsa, akufuna apite ku Beira akayese mwayi wa basiketi. Mukamuletsa akumakuyankhani kuti "nanga Mutombo?" Ndiye mwatifunsa m'gulu muno kuti Mutomboyo ndani, komanso ngati n'koyenera kumulola mwanayo. Ndaona achimwene ena akuuzani kale kuti mumusiye apite, adzakugulirani galimoto. Ine ndiyankha motalikirapo, mundikhululukire, chifukwa mboni imene mwanayo waitana kuti imuikire kumbuyo ndi yomweyo imene ikumugwetsa pamlandu.

Dikembe Mutombo anabadwira ku Kinshasa pa 25 Juni 1966, dziko lawo lija limene pambuyo pake linatchedwa Zaire, lero Congo. Bambo ake anali munthu wa zamaphunziro, mkulu wa sukulu, ndipo m'nyumba mwawo nkhani ya makope sinali yokambirana. Ali mwana ankasewera mpira wamiyendo ngati ana athu onsewa, makamaka pagolo. Basiketi anaiyamba mochedwa, ali pamsinkhu ngati wa mwana wanuyu, ndipo pamenepa mwanayo akunena zoona, sanachedwe. Koma mumufunse funso ili: Mutombo anapita bwanji ku America? Palibe timu imene inamutuma. Anapita mu 1987, ali ndi zaka 21, pa bolsa ya maphunziro ya USAID, bungwe la chithandizo la boma la America, kukaphunzira pa yunivesite ya Georgetown mumzinda wa Washington. Cholinga chake chinali choti akhale dokotala, abwerere kwawo azikachiza anthu. Pofika kumeneko Chingerezi chinali chomuvuta, chaka choyamba chinathera kulimbana ndi chilankhulo, ndipo m'timu yaikulu ya yunivesiteyo sanasewere.

Munthu wotalika mamita 2.18 sangabisale pasukulu. Mphunzitsi wa timu ya Georgetown, John Thompson, ndiye anamukokera m'bwalo. Udokotala unakanika kuyendera limodzi ndi maphunziro a mpira a tsiku ndi tsiku, choncho anasintha n'kuphunzira za zilankhulo ndi ukazembe, koma sanasiye. Anamaliza mu 1991, digiri m'manja, ndipo chaka chomwecho timu ya Denver Nuggets inamusankha kulowa mu NBA, ligi yaikulu ya basiketi ya ku America, pa nambala 4 mwa anyamata onse amene anasankhidwa chaka chimenecho. Anali ndi zaka 25. Werengani bwino pamenepo: kuchokera pa msinkhu wa mwana wanu kufika pa 25 pali zaka 9, ndipo zaka zimenezo Mutombo sanazithere pa siteshoni kudikira kuti wina amuone. Akuti ankalankhula zilankhulo 9, Chipwitikizi chathu chomwechi chili momwemo.

Tsopano za kasewero kake, chifukwa apa mpamene anyamata athu amasokonekera. Iwo amaonera timavidiyo pa foni ta anthu akuponya mpira ali kutali, ena akuuluka n'kukaukhomera mu ringi, ndiye amaganiza kuti basiketi ndi imeneyo. Mutombo sanali wokongola pomuonera, ndinene chilungamo. Akagwira mpira kuti aponye, mtima unkakhala m'mwamba, mkono unkapita ngati munthu akuponya chikwanje padenga. Zigongono zake zinavulaza anthu angapo, ena mphuno kuthyoka. Ntchito yake inali imodzi: kuima pansi pa ringi ngati mlonda wa nkhokwe, kutchinga mpira usalowe, ndi kutola umene waphonya. Ntchito yosayamikika, yofanana ndi ya munthu wopalira, amene pokolola dzina lake silitchulidwa. Koma anaigwira mpaka anasankhidwa kanayi kukhala wotchinga woposa onse mu NBA, mu 1995, 1997, 1998 ndi 2001. Mipira imene anatchinga pa ntchito yake yonse ndi 3,289, ndipo womuposa ndi mmodzi yekha, Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, amene anafika 3,830. Taonani, malo awiri oyamba onse ndi a ana a mu Africa.

Chimene anthu amamukumbukira nacho kwambiri ndi chala. Akatchinga mpira ankaimika chala chamkombaphala n'kumachigwedeza uku ndi uku, monga amachitira agogo poletsa mdzukulu kutsegula mphika: ayi, ayi, muno ayi. Akuluakulu a ligi anaona kuti n'kunyoza mnzake, oyimbira anayamba kumulanga, ndiye iye anangotembenuka n'kumagwedezera chalacho anthu oonerera. Mpaka lero pabwalo lathu lija la kusukulu, mwana akatchinga mnzake amagwedeza chala, ambiri osadziwa n'komwe kuti mwini wake anali ndani.

Pali chithunzi chimodzi chimene mwana wanu achifufuze pa intaneti. Mu 1994 Denver inalowa mumpikisano wa kumapeto kwa chaka ili yomalizira, nambala 8 kuchigawo chawo, n'kukumana ndi Seattle SuperSonics imene inali nambala 1. Anagonja masewero awiri oyamba, aliyense n'kuti zatha. Anapambana atatu otsatira, kukhala timu yoyamba ya nambala 8 kutulutsa nambala 1. M'masewero asanuwo Mutombo anatchinga mipira 31. Wezulo yomaliza italira, chimunthu chonse chija chinagwa chagada pansi, chitagwira mpira ndi manja awiri pamwamba pa nkhope, kukamwa kuli yasa, osadziwika ngati chikuseka kapena chikulira. Ine chithunzi chimenecho ndinachiona koyamba m'magazini yong'ambika imene munthu anakulungira nsapato, ndipo ndinachimata pakhoma zaka zambiri mpaka chinadyedwa ndi chiswe.

Zotsatira ndidutsamo msanga. Mu 1996 anapita ku Atlanta Hawks, mu 2001 ku Philadelphia 76ers kumene iye ndi Allen Iverson anafika mu fainolo n'kugonja kwa Los Angeles Lakers ya Shaquille O'Neal ndi Kobe Bryant. Anafikanso mu fainolo mu 2003 ali ndi New Jersey Nets, osapambananso. Chikho cha NBA sanachigwirepo. Anadutsa ku New York, n'kukathera ku Houston Rockets, kumene bondo linamuthera mu 2009 ali ndi zaka 42, atasewera zaka 18. Denver ndi Atlanta onse anapumitsa nambala yake 55 kuti wina asadzaivalenso.

Koma udokotala uja sunamuchoke mumtima. Mayi ake, a Biamba Marie, anamwalira ku Kinshasa ndi matenda a sitiroko, mwana wawo ali ndi ndalama zoti akanatha kugula mankhwala alionse padziko. Inu amayi mukudziwa zimene zimachitika munthu akadwala usiku kumudzi, kutali ndi msewu, njinga yamoto ikusowa. Mutombo anamanga chipatala ku Kinshasa n'kuchitcha dzina la mayi akewo. Chinatsegulidwa mu 2007, ndipo m'thumba mwake anatulutsa madola 15 miliyoni. Ndalama zotsalazo anachita kuyenda kupempha kwa anzake osewera, kwa makampani ndi kwa akuluakulu a maboma, ndipo apa mpamene sukulu ija ya ukazembe ndi zilankhulo inagwira ntchito, chifukwa kutalika kokha sikungakulowetse mu ofesi ya nduna n'kutulukamo ndi cheke. NBA inamusankha kukhala kazembe wake woyamba padziko lonse. Anamwalira pa 30 Sepitembala 2024 ndi khansa ya mu ubongo, ali ndi zaka 58.

Ndiye tibwerere ku Ulongwe. Kunena kuti basiketi ilibe tsogolo m'dziko muno kungakhale kunama. Mozambique ndi dziko la basiketi, makamaka kwa atsikana. Timu yathu ya amayi inafika mu fainolo ya Africa ku Maputo mu 2013, inagonja kwa Angola, koma inapita kumpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2014. Clarisse Machanguana anasewera mu WNBA, ligi ya amayi ya ku America, ndipo naye njira yake inadzera pa yunivesite, ya Old Dominion. Kwa amuna, timu ya Ferroviário ya ku Maputo inasewera mu BAL, ligi ya Africa imene NBA inathandiza kuyambitsa, m'chaka chake choyamba cha 2021 ku Kigali, ndipo Ferroviário ya ku Beira inatsatira mu 2022 ndi 2023. Choncho mwana wanu potchula Beira sanalote, kumeneko kulidi mpira. Vuto ndi lakuti khomo la NBA ndi laling'ono ngati la khola la nkhunda: anyamata pafupifupi 60 okha pachaka, padziko lonse lapansi. Ndipo timakomo tambiri tolowera kumeneko, kaya yunivesite za ku America, kaya sukulu ya NBA ya ku Saly ku Senegal, timayendera limodzi ndi kalasi. Yunivesite singalandire munthu wopanda pepala la kalasi 12, ngakhale mutu wake utagunda ringi.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsapo. Ine ndinasiya sukulu ndili kalasi 11, munthu wina atandilonjeza malo m'timu ina kumzinda. Ndinagulitsa matumba awiri a mbatatesi a malume osawauza, ndinakwera chapa kupita ku Tete, n'kulumikiza ulendo wa kunyanja. Miyezi itatu ndinkagona pakhonde la msuweni wanga, kudya kamodzi patsiku, kumathamanga m'bwalo ndi anyamata amene anayamba kugwira mpira ali ndi zaka 8. Kwathu ndinali wamtali kuposa onse, kumeneko ndinali wamba. Tsiku lina ndinadumpha, potera phazi linaponda la mnzanga, bondo linangoti phwa. Panalibe pepala lililonse limene ndinasaina, ndiye panalibenso wondilipirira chipatala. Ndinabwerera ndikutsimphina, malume osandilankhula chaka chathunthu, ndipo kalasi 12 ndinadzaimaliza usiku ndili ndi ndevu, nditakhala benchi imodzi ndi ana amene ndinkawatuma kumsika. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wanga ndinamusiya pachala.

Komabe amayi, musamulande mpira. Mwana wa zaka 16 mukamutsekera khomo amatulukira pawindo, ndipo tsiku lina mudzangomva kuti anamuona ku Moatize akukwera galimoto ya makala. Chimene ndingachite ine n'kukhala naye pansi, bambo ake kapena malume ake ali pomwepo, n'kupangana: mpira masana alionse akaweruka, koma kalasi 12 ithe. Alowe m'timu ya sukulu, chifukwa masewera a masukulu amayambira kuboma, kupita kuchigawo, mpaka dziko lonse, ndipo aphunzitsi a matimu akuluakulu amakaonera kumeneko. Amene akumufunadi adzabwera pakhomo panu, adzakhala pampando, adzanena sukulu imene mwanayo akapitirize ndi kumene azikagona. Wongoimba foni n'kumati mutumize mametikali a ulendo ndi a "kulembetsa", ameneyo ndi wakuba, musataye naye nthawi. Chingerezi achilimbikire, pakuti tili ndi mwayi wokhala pafupi ndi Dedza ndi Ntcheu kumene mabuku ake savuta kupeza. Patchuthi, ngati muli ndi wachibale wodalirika ku Tete kapena ku Beira, apite milungu iwiri akadziyese ndi anzake a kumeneko, abwere adzakuuzeni yekha mmene zinalili. Nthawi zambiri amabwera atafatsa.

Chinanso, mumuuze kuti kutalika si luso. Ana aatali ambiri amene ndawaona pabwalo pathu amakhala aulesi miyendo, amangoima pansi pa ringi kudikira. Azidumpha chingwe m'mawa uliwonse, ngakhale mu Juni kukuzizira chisanu chili mbuu. Aphunzire kuyendetsa mpira ndi dzanja lamanzere, aphunzire kuima kutsogolo kwa munthu osamugwira. Ngati akufunadi kukhala Mutombo, ayambe kukonda ntchito imene anzake amaithawa, yotchinga ndi kutola, chifukwa oponya ali mbwee paliponse koma mphunzitsi aliyense amasowa mlonda. Ndipo adye. Thupi lotere likukulabe, nsima ndi nyemba, mazira, mkaka ukapezeka, osati kumangotafuna mabisiketi pa bwalo.

Za nsapato mudzavutika, ndikuchenjezeretu. Mutombo ankavala saizi 22 ya ku America, zonga mabwato. Wanuyo ngati wafika kale 46 kapena 47, m'masitolo a ku Ulongwe musataye nthawi, kafufuzeni pa kaunjika ku Lizulu tsiku la msika, mulawirire mabelo akungotsegulidwa, ndipo muyang'ane zokwera mpaka m'kakolo. Asasewere ndi patapata pa simenti ija, inang'ambika mbali ya kumtunda ndipo yadya kale zala za ana angapo.

Loweruka masana timakhalapo pabwalopo ndi ana ena, ine ndi bondo langa lomweli. Mumuuze abwere, atenge madzi akumwa ndi pepala la mayeso ake omaliza. Ndikufuna ndione zonse ziwiri, mmene amadumphira ndi mmene anakhozera masamu.