Ma platelet ochuluka: kodi n'zakumtundu?

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera imelo. Atayezetsa magazi anauzidwa kuti ma platelet ake ndi ochuluka, mchimwene wake nayenso chimodzimodzi, ndipo bambo awo adadwalapo sitiroko. Akufunsa ngati n'zakumtundu, komanso ngati ana ake atengera.

Amayi, ma platelet ndi tizidutswa ta m'magazi tomwe timatseka bala mukadzicheka. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo mlingo wake woyenera ndi 150,000 mpaka 450,000 pa microlitre imodzi (kadontho kakang'ono kwambiri) ya magazi.

Musanaloze chala makolo, kumbukirani komwe tikukhala. Kuno kuchigwa likodzo ndi njoka zam'mimba zimatha magazi mwakachetechete, ndipo ayironi akachepa m'thupi ma platelet amakwera. TB ndi matenda ena otupitsa m'thupi amachitanso zomwezo. Anthu awiri osamba dambo limodzi akhoza kufanana zotsatira popanda chotengera chilichonse. Choncho pemphani akuyezeni zimenezi kaye, mulandire mankhwala, kenako mubwereze kuyezetsa.

Akumtunduwo alipo ndithu, koma ndi osowa. Chiwindi chimatulutsa thrombopoietin, yemwe amalamula mafupa kupanga ma platelet. Jini ndi malangizo a m'thupi omwe timatengera kwa makolo. Jini ya THPO, yomwe imapangitsa thrombopoietin, ikasokonekera, lamulolo limatuluka mopyola muyeso. Izi zidafotokozedwa mu 1998 pa banja lina la ku Netherlands. Ikasokonekera jini ina yotchedwa MPL, vuto limakhala kolandirira lamulo: mafupa amangopanga ngakhale asanauzidwe. Jini ya JAK2 nayo imatero pa mabanja ochepa. Kawirikawiri kholo limodzi n'lokwanira kupatsira, ndipo mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera, kaya ndi wamwamuna kaya wamkazi.

Musasokoneze ndi essential thrombocythaemia, matenda ena ochulukitsanso ma platelet. Kumeneko jini imasintha munthu atabadwa kale, nthawi zambiri ali wamkulu, ndipo kusinthako sikupita kwa ana.

Choopsa kwambiri ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha: mu ubongo kumabweretsa sitiroko, mumtima kupweteka pachifuwa, m'mwendo kutupa mbali imodzi. Ena amamva mutu, chizungulire, kapena zala ndi mapazi kuotcha ngati aponda phulusa lamoto. Chodabwitsa n'chakuti ma platelet akakwera kwambiri, kupitirira 1,000,000, munthu amatha kuyamba kutaya magazi: kamfuno, nkhama kuchucha. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi zogula asipirini pagolosale n'kumadzimwera. Dokotala ndiye aone ngati akuyenerani. M'mabanja ena a MPL kapamba amakula, ndipo pokalamba mafuta a m'mafupa amauma n'kulephera kupanga magazi. Ambiri komabe amakhala zaka popanda chizindikiro.

Za bambo anu, sitiroko yambiri imayamba ndi BP, choncho yokhayo si umboni. Ma platelet akapanda kutsika mutachira zina zija, pemphani kuchipatala cha boma ku Chikwawa kalata yokaonana ndi madokotala ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mutenge zotsatira za mchimwene wanu. Pakadali pano, ndi kutentha kwa kuno, imwani madzi ambiri, fodya ayi, ndipo mukakhala oyembekezera nenani msanga kusikelo.